MTSIRO, NJEREZA NDI PENTI: MBIRI YA KHOMA LA KUNJA KWA LIWONDE NDI KU BALAKA

Munthu akakwera basi ku Zomba m'mwezi wa Okutobala, n'kutsetsereka mapiri a ku Machinga kulowa kwa Liwonde, kenaka n'kuoloka Shire kulunjika ku Balaka, amaona nyumba za mibadwo inayi zitandanda m'mbali mwa msewu umodzi womwewo. Pali ya udzu, yozira ndi dothi lakuda m'munsi ndi loyera m'mwamba. Pali ya njerwa imene kale idapakidwa njereza, koma lero yangotsala mawangamawanga. Pali sitolo yakale ya khonde lalitali la nsanamira. Ndipo pali ina yopakidwa penti wofiira kapena wobiriwira, dzina la kampani ya mafoni lili ngwee pakhoma. Zambiri mwa nyumbazi n'zakale, ndipo zasintha nkhope kangapo konse chimangidwire.

Chimene ndifuna kuonetsa m'nkhani ino n'chakuti kwathu kuno kukonza kunja kwa nyumba yakale sikudayambe ngati nkhani ya kukongoletsa ai. Kudali kutchinjiriza khoma ku madzi. Kukongolako kunkabwera pambuyo, monga mphatso ya nchito yogwirika bwino. M'zaka zoposa zana zapitazi nchitoyi yakhala ikuchoka m'manja mwa eni nyumba n'kumapita ku ndalama, ku boma ndi kwa amalonda, ndipo m'njiramo cholinga chake choyamba chidatayika. Mvula ya zaka zaposachedwapa yatikumbutsa za icho mwa njira yowawa.

Tiyambe ndi nyumba ya makolo. Anthu a Chimang'anja ndi Chinyanja amene ankakhala m'mbali mwa Shire ndi cha ku nyanja ya Chilwa ankamanga nyumba zozungulira. Cha pakati pa zaka za m'ma 1800 kudafika Ayao kuchokera kum'mawa, m'dziko limene lero ndi Mozambique, ndipo ambiri mwa iwo adali a gulu la Amachinga, limene dzina lake ndilo lidapatsidwa ku boma lija linkatchedwa Kasupe. Ayao adali atayenda kale maulendo a malonda kufika ku gombe la nyanja ya mchere, ndipo kumeneko adatengako mamangidwe a nyumba ya ngodya zinayi. David Livingstone atafika kumudzi waukulu wa Mataka mu 1866 adalemba kuti anthu kumeneko ankamanga nyumba za ngodya potsanzira Aluya a ku gombe. Motero pamene mafumu onga Kawinga, Liwonde, Kalembo ndi Nsamala ankakhazikika m'dera lino, nyumba ya ngodya zinayi yokhala ndi khonde idakhazikika nawo pamodzi.

Kaya yozungulira kaya ya ngodya, nyumbayo idali ya mitengo, nsungwi, dothi ndi udzu. Kuchigwa kuno anthu ankakonda mtengo wa tsanya chifukwa chiswe chimachita nawo ulesi, ndipo pomangira ankagwiritsa nchito luzi kapena mlaza. Nyumba yotere siyikhala chaka chathunthu osaikhudza. Inkadya nchito chaka ndi chaka, ndipo nchitoyo inali ndi nyengo yake yodziwika kwa aliyense. Anthu akatha kukolola, amai ankamweta udzu moto wolusa usanadutse, n'kuuunjika pa thandala. Dzuwa likayamba kuswa mtengo, abambo ankakwera padenga kuchotsa udzu woola, kusintha phaso lofumbwa ndi kufolera mwatsopano. Pansi amai ankamata ming'alu ya khoma, kukweza khonde pamene nkhuku ndi mapazi a ana zidaliperesa, kenaka n'kuzira ndi mtsiro wokatapa kudambo, n'kukulungiza ndi mwala wosalala.

Taonani nzeru imene idali m'nchitoyi. Khoma la dothi lili ndi adani awiri: mvula yowomba cham'mbali ndi madzi othamanga pansi amene amanyowetsa tsinde lake. Denga la udzu linkatuluka kutali ndi khoma, nthawi zina mpaka kufuna nsanamira zake, kotero kuti madontho ankagwera patali. Khonde lokwera linkaletsa madzi a pabwalo kufika patsinde. Mtsiro unali ngati chobvala: mvula inkadya mtsirowo m'malo mwa khoma, ndipo chaka chamawa ankaziranso wina. Mizere yakuda, yofiira ndi yoyera imene amai ankajambula ndi manja inkakometsa mudzi ndithu, makamaka pa nyengo ya zinamwali pamene alendo ankachuluka, koma pansi pa kukomako padali chitetezo.

Tisaiwalenso kuti kuno ndi kwa chikamwini. Mwamuna ankamanga nyumba kwao kwa mkazi, ndipo ukwati ukatha ankanyamula mkeka ndi nkhwangwa yake, nyumba n'kutsala. Choncho nkhope ya nyumba idali mbiri ya mai wa panyumbapo. Khonde logumuka linkanyozetsa iyeyo, ndipo denga lodontha linkanyozetsa mkamwini. Pofolera ankaitana anansi pa thobwa, paja mutu umodzi susenza denga. Ndalama sinkalowapo. Komanso nyumbayo sankaimangira zidzukulu ai. Mwini wake akamwalira kawirikawiri ankaigwetsa, ndipo midzi yeniyeniyo inkagawikana ndi kusamuka mbumba ikakula kapena ikayambana, monga adafotokozera J. Clyde Mitchell m'buku lake la 1956 lonena za mudzi wa Ayao. Nyumba yokalamba, yoti mwana aipeze n'kuganiza zoisintha maonekedwe, n'chinthu chimene chidabwera ndi njerwa.

Njerwazo zidabwera pamodzi ndi boma la atsamunda ndi amishoni. Mu 1895 asilikali a Harry Johnston adagonjetsa Kawinga ku phiri la Chikala, ndipo mphamvu ya mafumu a Chiyao m'dera lino idathera pomwepo. Boma latsopanoli lidaiona nyumba ya munthu wakuda ngati chinthu chowerenga: lidaika msonkho wa nyumba wa mashileni atatu, ndipo olephera kukhoma nthawi zina ankawatenthera nyumba zao. Lamulo la 1912 lidapatsa anyakwawa udindo woyang'anira ukhondo wa m'midzi ndi kuthandiza kutolera msonkho. Kuyambira apo, kusesa pabwalo ndi kuzira khonde sikudalinso nkhani ya mai ndi anansi ake okha. Kudasanduka chinthu chimene mlendo wobvala yunifolomu angathe kudzachiyendera ndi kulipitsa.

Amishoni nawo adabweretsa chitsanzo chooneka ndi maso. Ansembe a chipani cha Montfort, amene adafika ku Nzama mu 1901, adatsekula mishoni ya Utale mu 1908. Kumishoni anyamata ankaphunzira kuumba njerwa m'chikombole, kuziotcha mu uvuni, kuimika khoma ndi chingwe, ndi kulipaka njereza. Mphunzitsi, kalaliki wa boma, shehe wa pamzikiti ndi mfumu ndiwo adayamba kukhala m'nyumba zoyera mbee, ndipo khoma loyera lidasanduka chizindikiro cha munthu wotsogola. Asilamu ankayeretsa mzikiti ndi nyumba Idi ikamayandikira, Akhristu nawo Khirisimasi ikamayandikira.

Njereza sinkachokera kutali. Mapiri a Chenkumbi, kufupi ndi Balaka, ali ndi mwala wa laimu wochuluka, ndipo anthu a kumeneko akhala akuuotcha kwa zaka zambiri. Mwalawo amauswa, n'kuusanja ndi nkhuni, n'kuuotcha pa moto waukali zedi, wofika madigiri 900. Ukazizira amauthira madzi, ndipo umatutuma ndi kufuka nthunzi mpaka kusanduka ufa woyera. Ufa umenewu akausungunula m'madzi ndiye njereza yopaka. Ubwino wake ndi wakuti imagwirizana ndi dothi: imatseka timing'alu, imabweza kutentha kwa dzuwa, koma imalola chinyezi cha m'khoma kutuluka. Imasuluka ndi mvula monga mtsiro, ndipo imafuna kubwereza chaka ndi chaka. Tinganene kuti njereza idasintha mtundu wa khoma koma sidaphe mwambo wa kulisamala. Kuipa kwake kudaonekera kwina: mauvuni a laimu ndi a njerwa adamaliza tsanya wambiri wa m'chigwa cha Balaka.

Chachiwiri chimene chidasintha zinthu ndi njanji. Mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima kudzera pa Balaka, ndipo pa siteshoni padamera tauni. Amwenye adamanga masitolo a njerwa ofolera malata, kutsogolo khonde lalitali la nsanamira pamene atelala ankakhala ndi makina ao, kumbuyo nyumba yogona. Alimi obwera kudzagulitsa thonje ankasirira malatawo. Amene adawafikitsa kumudzi kwenikweni ndi amuna opita ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Munthu wobwera ku Wenela ankadziwika ndi njinga, wailesi ndi denga lonyezimira, mpaka mu 1974 pamene ndege yonyamula anthu a ku migodi idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaimitsa ulendowo kwa zaka zingapo.

Malata adathetsa bvuto limodzi n'kubala lina. Udzu ngwaulere, choncho wofolera saumira nao, amautulutsa kutali ndi khoma momwe angafunire. Malata amagulidwa poyeza mafiti, ndipo fiti iliyonse ndi ndalama. Munthu wa m'thumba mochepa amagula ongokwanira kubvundikira zipinda, denga n'kuthera pamphumi pa khoma penipeni. Khonde la mbali zonse lidayamba kuoneka ngati kuononga chuma. Apa ndi pamene khoma la zidina, ndiye kuti njerwa zosaotcha, lidayamba kukumana ndi mvula maso ndi maso.

Nthawi ya Kamuzu nyumba idalowa m'ndale. Aliyense amene adakula m'zaka zimenezo akukumbukira zinthu zitatu zimene mtsogoleriyo ankabwereza pa misonkhano: chakudya, chobvala, ndi nyumba yosadontha. Dera lino lidaona zomangamanga zazikulu: mlatho wotchinga madzi wa pa Liwonde mu 1965, ndi njanji yochokera ku Nkaya kupita ku Nayuchi, yolumikiza dziko lino ndi doko la Nacala, mu 1970. Koma nthawi yomweyo kudabadwa chizolowezi china. Mtsogoleri akamabwera kudzayendera mbewu m'minda, kapena chikondwerero cha pa 6 Julaye chikayandikira, a chipani ankalamula kuti zonse za m'mbali mwa msewu ziyere. Anthu ankapaka njereza makoma oyang'ana kumsewu, miyala ya m'mphepete mwa njira, ngakhale matsinde a mitengo. Kuseri kwa nyumba, kumene galimoto za alendo sizidutsa, kunkatsala momwemo. Ku Blantyre, cha kumapeto kwa ulamulirowo, nyumba zoonongeka ankazijambula nyenyezi yofiira, kuchenjeza mwini wake kuti aikonze kapena igwetsedwe. Phunziro limene anthu adatolapo ndi lakuti khoma amalikonzera maso a wodutsa.

M'zaka zomwezo masitolo a pa Balaka, pa Ulongwe, pa Ntaja ndi malo ena a malonda adasintha eni. Boma lidalamula Amwenye kuchoka m'madera a kumidzi, ndipo pofika 1978 adali atasamukira m'mizinda ikuluikulu. Amalawi amene adatenga masitolowo ambiri adalibe mpamba wodzazira mashelefu, nanji wosinthira malata a dzimbiri ndi nsanamira zofumbwa. Ena mwa makonde aja adagwa, ena adawatseka ndi njerwa kuti apeze chipinda china chobwereketsa. Kutsogolo adakweza kakhoma kobisa denga kuti sitolo ioneke yamakono, madzi a padenga n'kumatsikira m'khoma momwemo.

Chitatha chisankho cha 1994, chimene adapambana Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma ku Machinga konkuno, makoma adaphunzira chilankhulo china. Mitundu ya zipani idakwera pa magolosale ndi pa nyumba. Balaka idakhala boma palokha mu 1998, ndipo tauni idakula. Kenaka kudabwera makampani a mafoni, amene adapeza kuti khoma la m'mbali mwa msewu ndi chikwangwani chotsika mtengo. Mwini sitolo amapatsidwa penti waulere, kampani n'kulembapo dzina lake. Amene ali ndi zaka zokwanira adaona khoma limodzi likusintha katatu osasuntha njerwa ndi imodzi yomwe: Celtel, kenaka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010, pamene sitolo yoyandikana nayo yabiriwira ndi TNM. Palibe choipa kulandira penti waulere. Koma wopakayo sakwera padenga, sayang'ana tsinde la khoma, ndipo amalekezera pangodya pamene maso a apaulendo amalekezera.

Kumidzi nako ndalama za ku Joni zidayambanso kuyenda, popeza anyamata ambiri a ku Machinga ndi ku Mangochi amapita ku South Africa kukagwira maganyu. Chimene amatumiza kwa mai ao kawirikawiri ndi ndalama ya malata ndi simenti, kuti nyumba yakale ya zidina ioneke ngati ya m'tauni. Boma la Peter Mutharika, limene lidalowa mu 2014, nalo lidayambitsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Ndipo mu 2018 kudatuluka malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo. Zonsezi zakweza ulemu wa simenti, mwakuti lero munthu akati akukonza nyumba, amatanthauza kupaka pulasitala.

Pamenepa ndi pamene pagona ngozi imene amisiri ambiri amaidziwa koma sainena, poopa kutaya ganyu. Simenti ndi dothi sizigwirana. Dothi limafufuma likanyowa, n'kunyala likauma, pamene simenti ndi youma gwa. Pakapita nyengo ziwiri kapena zitatu pulasitala amalekana ndi zidina, ndipo ukagogoda ndi chala amalira ngati ng'oma. Madzi akalowa pa mng'alu sapezanso potulukira, makamaka ngati pamwamba apakapo penti wa mafuta. Khoma limaola m'kati, kunja kukali kowala. Chiswe nacho chimayenda kuseri kwa pulasitalayo popanda wochiona. Akulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndidaziona ndekha kwathu, kufupi ndi Ulongwe. Nyumba ya agogo anga aakazi idali ya zidina, ya khonde mbali zonse zinayi, ndipo ankaizira okha mpaka msana udawakanika. Mdzukulu wao wina, mbale wanga, atabwerako ku Joni adafuna kuwachitira ulemu. Adachotsa udzu n'kukhoma malata, adagumula khonde la kuseri ndi la m'mbali chifukwa malata sadakwanire, adapaka pulasitala kutsogolo ndi penti wa buluu. Tonse tidamuyamika, ndipo ine ndemwe ndidaimirira pakhomopo kujambulitsa chithunzi. Agogo adangofunsa funso limodzi: "Nanga mvula ya kum'mwera ikadzabwera, khoma ili lidzabisala kuti?" Tidaseka, tidati ndi ukalamba. Mu Malichi 2019, pa mvula ija idagwa masiku angapo osakata, khoma la kuseri lidakhala pansi usiku. Mwamwayi iwo adali atagona chipinda cha kutsogolo. M'mawa khoma la buluu lidali chiimire, lokongola monga kale, kumbuyo kwake kuli bwalo.

Sindikunena kuti nyumba ya udzu siigwa. Pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, pamene Machinga ndi Balaka adali m'gulu la maboma 15 amene boma lidalengeza kuti muli ngozi, ndiponso pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, zidagwa nyumba za mitundu yonse, ndipo khoma la dothi likaima m'madzi ofika m'mawondo palibe khonde limene lingalipulumutse. Sindikunenanso kuti tibwerere ku udzu. Udzu wofolera wasowa chifukwa madambo adasanduka minda, umagwira moto, ndipo mai amene wakhala akutchera mabeseni usiku wonse ali ndi chifukwa chomveka chofunira malata. Chimene ndikunena n'chakuti nyumba zambiri sizigwa ndi chigumula ai, zimagwa ndi mvula wamba yowomba khoma losatetezedwa kwa masiku atatu kapena anayi, ndipo imeneyi makolo ankadziwa kuthana nayo. Malangizo a kamangidwe kotetezeka amene boma lidatulutsa chitachitika chibvomerezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 amanenanso zomwezo: maziko okwera, denga lotuluka kunja, ndi njira yochotsera madzi pafupi ndi nyumba. N'zimene agogo ankachita ndi khasu ndi chikhatho popanda kuwerenga buku.

Tsono wofuna kukonza nyumba yakale ya kwao, kaya kwa Nsanama kaya ku Phalula, mbiriyi ikumuuza poyambira. Ayambe wayendera nyumbayo kuseri, mbali imene mvula imawombera. Ngati ndalama ya malata ilipo, awerengere ndi fiti ziwiri zotuluka kunja mbali zonse, ngakhale zitatanthauza kudikira chaka china. Khonde alikweze, alizungulize nyumba yonse, ndipo akumbe ngalande yopatutsa madzi. Simenti yochepa imene ali nayo aiike patsinde pa khoma ndi pakhonde, pamene madzi amamenya. Khoma la zidina alimate ndi dothi losakaniza mchenga, kenaka alipake njereza, imene mpaka lero imapezeka pa Balaka pamtengo wotsika kuposa penti. Ndipo abvomere kuti chaka chamawa, mwezi wa Okutobala ukadzafika, adzayenera kubwerezanso.

Nyumba ya agogo tidaimanganso chaka chomwecho. Mbale wanga uja ndiye adagula malata oonjezera, ndipo khonde lidabwerera mbali zonse zinayi. Kutsogolo kukadali kwa buluu, chifukwa iwo eni adati mtunduwo adauzolowera. Mbali zitatu zotsalazo amazira ndi adzukulu ao aakazi, iwo atakhala pamkeka n'kumaloza ndi ndodo pamene pasiyidwa.